Kuzungulira kunyanja ndi ku Chikangawa pa njinga yamoto: zokonza musananyamuke

Ulendo womwe ndikunena ndi uwu: kunyamuka ku Lilongwe, kutsikira ku Salima, kutsata nyanja kudzera ku Nkhotakota ndi Dwangwa mpaka Nkhata Bay, kukwera ku Mzuzu, n'kubwerera kudzera ku Chikangawa ndi Kasungu. Zonse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 800. Sipafunika chinjinga ngati cha alendo odzaona malo aja. Boxer, TVS, Lifo kapena Kinglion ya 125 kapena 150, yomwe ija ya kabaza, imautha ulendowu bwinobwino, bola muipatse masiku anayi ndipo muikonze isanachoke pakhomo. Njinga zambiri zomwe ndazipeza zitafera panjira zinachoka kwawo zikudwala kale, mwini wake akudziwa, koma ati tikaonera komweko.

Yambani kudakali sabata

Musapite ndi njinga kwa makanika mawa lake muli paulendo. Bawuti yomwe waiwala kumanga kapena waya yemwe wamupanitsa zimaonekera njinga ikayenda tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kuli bwino zikutulukireni muli ku Area 25 kusiyana ndi ku Dwambazi. Konzani zonse kudakali sabata, kenako muziyendera njingayo masiku otsalawo mukutchera khutu.

Choyamba itsukeni. Matope amabisa oyilo wodontha, mng'alu wa pa felemu ndi sipoko yothyoka. Ikauma, iimikeni pamalo osesa bwino usiku wonse, m'mawa muone ngati pansi pagwa dontho lililonse.

Kenako oyilo. Lizani injini mphindi zisanu kuti oyilo asungunuke, izimitseni, masulani bawuti yapansi kuti atuluke yense. Muyang'anitsitseni m'mbale yomwe mwakhetsera: ngati muli tizitsulo tonyezimira, injini ikudyana m'kati ndipo makanika aione kaye. Tsukani kasefa ka oyilo musanatseke. Njinga zazing'onozi zimamwa pafupifupi lita imodzi, ndipo 20W-50 amagwirizana ndi kutentha kwa kuno. Pa botolo pakhale mawu oti JASO MA. Chifukwa chake n'chakuti kilatchi ya njinga imasambira mu oyilo yemweyo wa injini, ndiye oyilo wina wa galimoto amaterera kwambiri, kilatchi n'kuyamba kuphonya pachitunda, injini ikulira koma njinga osayenda. Oyilo woyeza m'mabotolo a pamsika uja musiyeni, simudziwa komwe wachokera. Poyeza mulingo, njinga iime chilili pamalo athyathyathya, osati itatsamira pa sitandi ya m'mbali.

Tcheni

Pano ndichedwapo, poti tcheni ndicho chimagoneka anthu ambiri panjira. Imikani njinga pa sitandi yapakati, zunguzani tayala lakumbuyo pang'onopang'ono, mupeze pomwe tcheni chalimba kwambiri, popeza tcheni sichitha mofanana paliponse. Pamalo olimbawo, pakatikati pa masipuloketi awiri, chikankheni m'mwamba ndi pansi. Pa njinga za mtunduwu chizisewera masentimita 2 mpaka 3. Njinga zam'tchire monga Yamaha AG kapena Honda XL zimafuna kupitirira pamenepo. Kumbukirani kuti mukakwera ndi kumanga katundu, tcheni chimakungika. Ambiri amachikunga ngati chingwe cha bangwe poganiza kuti ndiye kusamala, koma tcheni cholimbitsa chimadya mabering'i ndipo chikhoza kuduka mukagwera m'dzenje. Pomanga, onetsetsani kuti timizere ta mbali zonse ziwiri za ekiselo tafanana, apo ayi tayala liziyenda chopendekera.

Kuti mudziwe ngati chatha, gwirani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yayikulu, muchikokere kumbuyo. Chikanyamuka mpaka theka la dzino kuonekera, chatha ntchito. Onaninso mano: akasongoka n'kupindikira mbali imodzi ngati chikwakwa, sipuloketi yatha. Sinthani zonse zitatu pamodzi, tcheni ndi masipuloketi awiri. Tcheni chatsopano pa mano akale sichikhalitsa, mungotaya ndalama kawiri.

Pali kachitsulo kakang'ono kotsekera joini ya tcheni. Mbali yake yotseka iyang'ane komwe tcheni chikupita, yotsegula itsalire kumbuyo. Ine ndinaphunzira zimenezi dzuwa likuswa mtengo, pakati pa Dwangwa ndi Dwambazi. Mnyamata yemwe anandimangira tcheni anakaika chozondoka, ine osayang'ana. Kanakodwa, kanauluka, tcheni chinagwera pa tala ngati njoka yakufa. Ndinakankha njinga mtunda wautali, ndipo joini yomwe inandipulumutsa ndinaigula mtengo wa nkhuku kwa wakabaza wina. Kuyambira pomwepo ndimayenda ndi majoini awiri m'thumba la jekete.

Pothira mafuta pa tcheni, gwiritsani oyilo wa giya wa 80W-90 kapena wopopera wa tcheni, madzulo mukangofika chidakali chofunda. Girisi ayi, amagwira mchenga n'kusanduka chopera. Ndipo ngati njinga yanu ili ndi chotchingira tcheni chija ambiri amachotsa ati chimasokosa, chibwezereni. Mchenga wa kunyanja si wamasewera.

Matayala, mabuleki ndi zingwe

Mpweya yezani m'mawa matayala asanatenthe, ndipo muyeze ndi geji, osati kufinya ndi chala. Pa njinga zambiri zotere, kutsogolo kumakhala cha m'ma 25 psi, kumbuyo 29 mpaka 32 mukanyamula katundu, koma tsatani kapepala komatidwa pa njinga yanu ngati kadakalipo. Tayala lochepa mpweya likamenya m'mphepete mwa dzenje, limu imaluma chubu n'kusiya timabowo tiwiri ngati mano a njoka, ndipo kumata bowo lotere n'kovuta. Onani m'mbali mwa tayala ngati muli ming'alu. Pali manambala anayi osonyeza pomwe linapangidwa: 2321 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2021. Tayala lokalamba limauma n'kumaterera pamvula ngakhale mano ake akuoneka. Valuvu ikapendekeka, ndiye kuti tayala lasuntha pa limu ndipo likukoka chubu. Phwetsani, muwongole, mupopenso.

Ngati njinga ndi ya masipoko, agogodeni imodziimodzi ndi sipanala. Yolimba imalira ngwee, yomasuka imangoti phwa. Imodzi ikamasuka anzake amatsatira.

Mabuleki a dilamu ali ndi nati yosinthira kumapeto kwa ndodo kapena chingwe. Ngati natiyo yafika kumapeto kwa mazinga ake, mashuzi atha, gulani ena. Chopondera buleki yakumbuyo chizitsika masentimita 2 kapena 3 chisanagwire. Ngati kutsogolo kuli disiki, onani kukhuthala kwa mapadi ndi mulingo wa mafuta a buleki pa kagalasi kake.

Zingwe za kilatchi ndi za moto zimayamba kuduka pafupi ndi chogwirira. Mukaona kawaya kamodzi kokha katatuluka, sinthani. Nzeru ina yomwe ndinatengera kwa achikulire ena oyendetsa njinga za alangizi: gulani chingwe chapadera cha kilatchi, muchiyendetse pambali pa chakalecho, muchimangirire, n'kutseka nsonga zake ndi tepi. Tsiku lomwe chakale chidzaduke, mudzangokoletsa nsonga ziwiri osachotsa thanki.

Pulagi, sefa ndi kabuleta

Chotsani pulagi muone mtundu wake. Ikakhala ngati tiyi wamkaka, zili bwino. Yakuda ndi mwaye ikusonyeza kuti petulo akuchuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka. Yoyera mbuu ikusonyeza kuti petulo akuchepa ndipo injini ikutentha mopitirira, zomwe ndi zoopsa kwambiri paulendo wautali. Mpata wa pulagi pa njinga zambiri zazing'ono ndi 0.6 mpaka 0.7 mm. Ikani yatsopano, yakaleyo ikhale yapadera, chifukwa mukudziwa kuti imagwira.

Sefa ya siponji itsukeni ndi palafini, iume, muidonthezere oyilo pang'ono n'kuifinya. Ya pepala sachapa, amangosintha.

Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo fakitale ya ku Dwangwa, komwe mudutseko, yakhala ikupanga ethanol kuyambira 1982. Ethanol amakoka chinyezi, choncho njinga yomwe yakhalitsa osayenda imasunga timadzi pansi pa kabuleta. Tsekani kampopi ka petulo, masulani kasikulu ka pansi pa kabuleta, zonse zituluke, mumangenso. Yesaninso rizevu, mbali ya kampopi yotsegulira petulo wotsalira pansi pa thanki, ngati ikugwira. Anthu ambiri amadzazindikira kuti rizevu yatsekeka ndi dzimbiri tsiku lomwe akuifuna.

Zotsala ndi zachidule: magetsi onse, hutala, madzi a batire, ndi kuyesa kuliza ndi kiki ngati mwazolowera sitata. Pomaliza zungulirani njinga yonse ndi sipanala, makamaka mabawuti a injini, ekizozi, nambala puleti ndi kaliyala.

Zonyamula

Masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, komanso okwana manati a ekiselo yanu, sipanala ya pulagi, pulayazi, sikuludiraiva, zitsulo ziwiri zochotsera tayala, chubu chapadera, zigamba ndi guluu wake, pampu, fyuzi, babu, waya wofewa, tepi, mphira zomangira katundu ndi theka la lita ya oyilo. Guluu akhale wosatsegula, wotsegula kale mukampeza atauma. Koma zida m'chikwama sizithandiza ngati manja sanazigwirepo. Loweruka lina chotsani tayala lakumbuyo pakhomo panu, mutulutse chubu, mubwezere, mupope ndi pampu yomwe mudzanyamule. Koyamba zidzakutengerani ola lathunthu ndipo mwina mudzaluma chubu ndi chitsulo. Kuli bwino kulumira pakhonde.

Katundu wolemera akhale pansi ndiponso pafupi ndi msana wanu. Mukamuunjika kumapeto kwa kaliyala, kutsogolo kumapepuka ndipo chiwongolero chimayamba kuvina.

Mapepala akhale m'pulasitiki: laisensi, inshuwalansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi umboni wa kalembera wa njinga. Laisensi ya A1 imathera pa 125cc, ya 150 imafuna A, ndipo pa malodibuloko monga pa Jenda angathe kukufunsani. Helemeti ikhale yomanga lamba ndi ya galasi loonekera bwino, poti kunyanja tizilombo timamenya kumaso ngati mchenga. Magolovesi, jekete yolimba ndi nsapato zobisa akakolo. Zoyenda ndi patapata zisiyireni ulendo wa kuchigayo.

Kukonza njira: werengani mafuta ndi dzuwa

Musayambe ndi kufunsa kuti ndi makilomita angati. Yambani ndi kudziwa kuti njinga yanu imayenda mtunda wanji pa lita imodzi. Dzazani thanki, lembani nambala ya pa mita, yendani masiku awiri, mudzazenso, mugawe makilomita ndi malita omwe alowa. Tinene kuti mwapeza 35 ndipo thanki yanu ndi ya malita 11: papepala ndi makilomita 385. Pokonza ulendo werengerani 250 okha, chifukwa katundu, zitunda ndi mphepo zimadya mafuta.

Malo omwetsera mafuta alipo ku Salima, Nkhotakota, Dwangwa, Nkhata Bay, Mzuzu, Jenda, Kasungu ndi Mponela. Koma tonse tikudziwa kuti kuno kukhalapo kwa pampu sikutanthauza kuti muli petulo. Lamulo langa n'lakuti paliponse pomwe ndapeza mafuta ndimadzaza, ngakhale thanki ili pa theka. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, imbirani munthu wa komwe mukupita musananyamuke. Mukakakamizika kugula wa m'zigubu, mununkhizeni kaye poti ena amathiramo palafini, musefeni ndi kansalu koyera, ndipo mugule wongokufikitsani pa pampu yotsatira.

Za liwiro, werengerani makilomita 50 pa ola mukaphatikiza kupuma, malodibuloko ndi malo amalonda omwe muyenera kuchepetsa. Injini yaing'ono yozizira ndi mphepo isamangidwe moto wonse kwa maola. Ipezereni liwiro lomwe ikuyenda mosakuwa, ndipo muziima pakatha ola ndi theka, inu mumwe madzi, iyo ipume. M'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, choncho konzani zofika pogona pofika 4 koloko, kuti tayala likaphwa mukhale ndi nthawi. Usiku musayende. Ngolo zopanda nyali, njinga zakapalasa, mbuzi, ndi malole ofera pamsewu omwe chizindikiro chake ndi nthambi zamitengo, zonsezi kanyali ka njinga kamaziona mochedwa.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka September. Nthawi ya dzinja mitsinje yotsikira kunyanja imasefukira ndipo milatho ya pa M5, msewu wotsata nyanjawo, imaduka kawirikawiri. October ndi wotentha kwambiri kunyanja, moti ngati mwasankha mwezi umenewo muzinyamuka mbandakucha. Za momwe msewu ulili sabata imeneyo, funsani madalaivala a minibasi pa depoti. Amadziwa pomwe pali dayiveshoni kuposa Google Maps. Mapuwo atsitsireni mufoni muli pa netiweki yabwino, komabe mulembe mayina a malo ndi mitunda papepala. Safunsa anadya phula.

Tsiku loyamba: Lilongwe mpaka Nkhotakota, makilomita 210 kapena kuposerapo pang'ono. Kuchokera pa Kanengo mulowa M14, kudutsa Chezi ndi Mvera, n'kuyamba kutsika. Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500, ndiye kutsikako n'kwenikweni. Tsikani muli m'giya, yachitatu kapena yachiwiri, injini izithandiza kugwira njinga. Chizolowezi choika fili kapena kuzimitsa injini pofuna kusunga mafuta n'choipa: mabuleki a dilamu akatentha amaleka kugwira, ndipo mudzazindikira muli pakhota. Musanafike m'tauni ya Salima mukhotera kumpoto kulowa M5. Msewuwu ndi wopapatiza m'malo ambiri, m'mphepete mwake modyeka, ndipo milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi. Basi ikamabwera kutsogolo, musalimbane nayo. Chepetsani liwiro muli pa tala, kenako mutsikire kumbali mwadongosolo, chifukwa kutsika pa tala mothamanga n'kugwera mumchenga ndiko kumagwetsa anthu. Pa mlatho wa Chia chenjerani ndi ogulitsa nsomba othamangira magalimoto. Mukafika msanga ku Nkhotakota, kaoneni mkuyu womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863.

Tsiku lachiwiri: Nkhotakota mpaka Nkhata Bay, makilomita ngati 190. Cha ku Dwangwa, nyengo yodula nzimbe, mumakumana ndi mathirakitala ndi malole, ndipo nzimbe zogwera pamsewu zikapondedwa zimaterera. Mukawoloka Dwambazi mwalowa kwa Atonga, ndipo kuyambira Kande mpaka Chintheche ndi chigawo chomwe ine ndimachikonda koposa paulendo wonsewu, nyanja ikuonekera kumanja pakati pa mitengo. Miyezi ya mwera mphepo imawomba mwamphamvu pamalo opanda mitengo. Musaumitse manja pa chiwongolero, panani thanki ndi mawondo, njinga muilole itsamire mphepoyo. Mukayandikira Nkhata Bay mudutsa m'munda wa mitengo ya mphira wa Vizara, momwe anyamata amagulitsa mipira m'mbali mwa msewu. Mthunzi wa m'menemo umabisa maenje.

Tsiku lachitatu ndi lalifupi dala: makilomita osakwana 50 kukwera ku Mzuzu. Ndi tsiku lochapa zovala, kukunga tcheni, kuona oyilo ndi kugula chilichonse chomwe chatha, popeza ku Mzuzu zida za njinga zimapezeka. Ena amafuna kuwonjezera Livingstonia, komwe Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894. Umenewo ndi ulendo wa tsiku lake lapadera. Msewu wa Gorodi wokwera kuchokera pa Chitimba ndi wa makilomita ngati 15 okha, koma uli ndi makhota akuthwa 20, miyala ndi phompho kumbali. Ngati simunazolowere msewu wamiyala, dzerani mbali ya Rumphi kudzera pa Njakwa, kapena musiye njinga pa Chitimba.

Tsiku lachinayi ndilo lalitali, makilomita pafupifupi 360, ndipo ngati thupi latopa gonani ku Kasungu. Musanyamuke ku Mzuzu m'mamawa kwambiri. Pa Chikangawa pamakhala chifunga chobisa ngakhale galimoto yomwe ili pamphuno panu, ndipo kuzizira kwake kumaumitsa zala mpaka kulephera kukoka buleki. Dikirani mpaka cha m'ma 8 koloko, valani juzi m'kati mwa jekete, ndipo nyuzipepala yoika pachifuwa imatchinga mphepo modabwitsa. M'chifunga yatsani nyali yotsika, osati yayikulu, muzipukuta galasi la helemeti, ndipo muyembekezere malole a matabwa oyenda ngati kamba pazitunda. Njinga ikamaoneka yofooka kumtundako musathamangire kutokosa kabuleta. Mpweya wa pamwamba ndi wopepuka, mphamvu imabwerera mukatsikira ku Jenda. Chokani ku Mzuzu thanki ili yodzaza, chifukwa m'nkhalangomo mulibe podalira.

Mukakhala pagulu

Ngati muli atatu kapena anayi, wodziwa njira atsogole, wanjinga yofooka kapena wachilendo akhale wachiwiri, ndipo wodziwa kukonza atsalire kumbuyo ndi zida. Musayende mondondozana ngati nyerere, siyanani mpata woti mnzanu akazemba dzenje inunso mulione. Pamphambano iliyonse, wotsogola adikire mpaka aone nyali ya womaliza. Gwirizanani musananyamuke kuti mukasowana mudzakumana pati, poti foni m'thumba simuimva njinga ikulira. Mukakumana ndi maliro pamsewu, masamba ataikidwa pa tala, chepetsani liwiro kwambiri ndipo hutala ayi.

Ndalama zigaweni pawiri, zina mu Airtel Money kapena Mpamba, zina zapamanja zing'onozing'ono, popeza womata matayala wa pamudzi sakhala ndi chenji. Kunyumba asiyireni pepala la komwe mugone tsiku lililonse, ndipo muziwaimbira mukafika.

M'mawa uliwonse musanalize injini, patulani mphindi khumi: mpweya, oyilo, tcheni, mabuleki, magetsi, ndi kugwedeza katundu kuti muone ngati mphira zagwira. Tsiku lomaliza yesetsani kudutsa Lumbadzi 4 koloko isanakwane, chifukwa kulowa pa Kanengo nthawi yoweruka, mutatopa ndiponso malole ali mbali zonse, n'kovuta kuposa Chikangawa. Mawa lake tsukani njinga, muchotse mchenga wa kunyanja pa tcheni ndi palafini, ndipo muone sefa ya mpweya, mudzaipeza itafiira ndi fumbi.